Kodi panyanja amawerenga anthu ndani? Mbiri ya boma ndi sitima zapamadzi



Masiku apitawa ndidali ndi ana a Fomu 3, tikukambirana za kubwera kwa amishoni ndi atsamunda. Nditatchula za sitima ya Ilala yoyamba, mnyamata wina, mwana wa msodzi, adakweza mkono. "Sala, pamsewu pali apolisi amene amaimitsa minibasi nkuwerenga anthu. Nanga panyanja amawerenga ndani?" Anzake adaseka, koma ine sindidaseke, chifukwa funsoli lidandikumbutsa ulendo wina.

Ndidakali mphunzitsi wachinyamata ndidawolokapo nyanja kuchoka ku Senga Bay kupita kutsidya kwa Makanjira kumaliro. Udali mwezi wa Juni. Boti lidali lamatabwa, la injini imodzi, ndipo tidapakirana ndi matumba a chimanga, njinga ndi malata mpaka pakati pa madzi ndi mlomo wa boti padangotsala ngati chikhatho chimodzi. Agogo ena aakazi atayang'ana botilo ndi kuyang'ana kummwera, adatsitsa katundu wawo nati, "Ana anga, ine ndigona konkuno." Enafe tidawaseka. Tili pakati mwera udayamba, ndipo kamnyamata kena kadakapa madzi ndi chigubu chodula ulendo wonse osapuma. Tidafika, koma sikuti padali nzeru ya munthu. Palibe adatiwerenga pokwera, palibe adalemba maina athu, ndipo laifi jaketi sindidaione ndi imodzi yomwe.

Ndiye ndati ndiyankhe funso la mwana uja bwinobwino. Yankho lake lili m'mbiri, ndipo mbiriyo ikusonyeza kuti boma lidafika panyanja pano potsata mfuti ndi katundu. Za moyo wa wokwera zidabwera mochedwa, kawirikawiri anthu atafa kale.

Boma lisadabwere

Makolo athu adali ndi malamulo awo a panyanja. Ankadziwa mphepo ndi maina ake: mwera wochokera kummwera umene umavuta m'miyezi yozizira, mpoto, vuma wochokera kummawa, ndi zambwe wa kumadzulo. Doko lililonse lidali ndi mwini wake, ndipo mkulu akati lero sikolowa m'madzi, mabwato ankakhala pamtunda.

M'zaka za m'ma 1800 padabwera zombo za matanga. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mfumu Makanjira ya kutsidya adali ndi zombo zawo zowolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo. Gombe lathu lino lidali pa njira yomweyo, popeza pakati pa Leopard Bay ndi kwa Makanjira nyanja njopapatiza. Tisaiwale kuti anthu oyamba kuwolotsedwa ambirimbiri panyanjayi adawerengedwa ngati katundu.

Sitima yoyamba yoyendera nthunzi idalowa m'nyanja mu Okutobala 1875. Iyi ndi Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, yotsogoleredwa ndi E.D. Young. Idachita kunyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a Shire. Mu 1878 kudabadwa kampani ija timaitcha Mandala, ya John ndi Frederick Moir, nayonso idabweretsa sitima zake. Amishoni a UMCA a ku Likoma adabweretsa Charles Janson. Pa nthawiyo kudalibe woyeza sitima kapena wopereka chiphaso kwa kaputeni. Mwini sitima ndiye adali lamulo.

Ngozi yoyamba yotchuka idachitikira m'madzi a mbali yathu ino. Pa 2 Sepitembala 1895, Chauncy Maples, amene adali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, adamira pamene boti lachitsulo lotchedwa Sherriff lidagubuduzika ndi namondwe. Mzungu mnzake Joseph Williams adamwaliranso, pamene anyamata achikuda amene adali nawo adasambira mpaka kumtunda. Manda a bishopuyo ali ku Nkhotakota. Chikumbutso chake chidakhala sitima ina, Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda mu 1901.

Boma lifika ndi mfuti

Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston adazindikira msanga kuti wolamulira nyanja ndiye alamulira dziko. Mu Disembala chaka chomwecho, mkulu wa asilikali ake, Captain Maguire, adaphedwa akuyesa kuwononga zombo za Makanjira. Zitatero Angerezi adaika panyanja sitima zankhondo, Adventure ndi Pioneer, ndipo mu 1899 adawonjeza Guendolen, yaikulu kuposa zinzake. Likulu la zonsezi lidali Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi.

Guendolen ndi ija ana amaikonda m'kalasi. Mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades adapita nayo ku Sphinxhafen, komwe tsopano ndi Liuli ku Tanzania, nkukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa. Kaputeni wa Chijeremani adali asadamve nkomwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya Guendolen mukhoza kukaiona ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Nkhondo ndi mafumu zitatha, sitima zomwezi zidasanduka zonyamula makalata, katundu wa boma, asilikali ndi ma DC. Nthambi yoziyendetsa idatchedwa Marine Transport Department. Dzinalo likunena lokha: ntchito yake idali mtengatenga. Boma lidali mwini sitima ngati Mandala ndi amishoni, ndipo maso ake adali pa katundu wake.

Kwawo ku Britain nkhaniyi idali itapita kale patsogolo. Phungu wina, Samuel Plimsoll, adalimbana ndi eni sitima amene ankapakira mopyola muyezo, podziwa kuti sitima ikamira inshuwalansi iwalipira. Mu 1876 lamulo lidakakamiza kuti pambali pa sitima pazijambulidwa mzere woonetsa pamene madzi ayenera kulekezera. Titanic itamira mu 1912 nkupha anthu oposa 1,500, maiko adagwirizana pangano la chitetezo cha panyanja lotchedwa SOLAS mu 1914. Onani ndondomeko yake: anthu afe kaye, lamulo lizibwera pambuyo. Kwathu kunonso zidayenda chimodzimodzi.

Njanji ifika ku Chipoka

Apa ndi pamene Salima akulowa m'nkhani kwenikweni. Pofika cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja adali atatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire udatsekeka ndi mchenga ndi bango, sitima osathanso kudutsa. Njira yakale yochoka kunyanja kutsikira ku Zambezi idafa. Padafunika njira ina, ndipo njirayo idakhala njanji. Mu 1935 mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima kudzera ku Chipoka. Poyamba maganizo adali pa Domira Bay, koma mapeto ake Chipoka ndiye adakhala malo okumanirana sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi.

M'zaka zomwezo boma lidasiya maulendo a panyanja m'manja mwa Nyasaland Railways. Kampaniyi idayamba ndi Mpasa, sitima ya katundu, ndipo malo okonzera sitima adakhazikika ku Monkey Bay. Kuchokera pamenepo mpaka m'ma 1990, sitima zapamadzi zidali nthambi chabe ya kampani ya njanji. Nchifukwa chake akuluakulu ena ku Chipoka mpaka lero akamakamba za ntchito ya panyanja amati "tidali ku Relewe".

Kenaka idabwera Vipya. Idapangidwa ku Scotland, nkulumikizidwa kuno nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1946. Pa 30 Julaye chaka chomwecho, pa ulendo wake wachinayi wokha, idachoka ku Mbamba Bay kuwolokera ku Florence Bay, cha ku Chitimba, kunja kuli mwera wamphamvu. Isadafike idapendekeka nkumira m'kanthawi kochepa. Anthu 145 adafa, pamodzi ndi kaputeni wake, Farquharson. Opulumuka adali 49. Ambiri mwa omwalirawo adali anthu akuda amene adakwera kalasi yotsika, m'munsi mwa sitima. Mpaka lero iyi ndiyo ngozi yaikulu koposa ya sitima panyanja yathu, ndipo chikumbutso chake chili ku Mangochi, pafupi ndi mfuti ija.

Mkangano wa chimene chidalakwika udagona pa zinthu ziwiri. China chidali chiganizo cha kaputeni chopitiriza ulendo pa mphepo yotere. China chidali kapangidwe ka sitimayo, yomwe idali yolemera kumwamba, choncho ikapendekeka sinkabwerera msanga. Ine ndikamaphunzitsa za Vipya ndimaima pa funso lachitatu: kodi sitima yatsopano isadanyamule munthu ndi mmodzi yemwe, adaiyeza ndani, ndipo woyezayo adali ndi mphamvu yokana? Nkovuta kuti mwini mbuzi akhalenso woweruza mlandu wa mbuzi yake itadya mmera. Mwini sitima amafuna ulendo uchitike, makalata afike, matikiti agulidwe. Pamafunika wina woima pambali, amene malipiro ake sadalira ulendowo.

Yolowa m'malo mwa Vipya ndi Ilala imene tonse tikuidziwayi. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique ndi pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo idayamba ntchito mu 1951. Yatumikira zaka zoposa 70. Amene mudakwerapo mukudziwa kuti m'malo ambiri momwe imaima mulibe pokochezera, ndiye anthu, mbuzi ndi matumba amatsitsidwa pa maboti ake opulumutsira anthu aja. Pamenepo mpamene munthu umaona kuti kugula sitima nkosavuta kusiyana ndi kumanga madoko.

Titalandira ufulu

Mu 1964 Nyasaland Railways idasanduka Malawi Railways, ndipo sitima zapamadzi zidapitirira kukhala pansi pake. Chauncy Maples idakonzedwanso mu 1967 kuti izinyamula anthu ndi katundu. Mu 1980 kudabwera Mtendere. Padalinso sitima za katundu ndi za mafuta monga Karonga ndi Ufulu. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, njira za ku Beira ndi Nacala zitatsekeka m'ma 1980, boma lidatembenukira kumpoto, ku Dar es Salaam, ndipo doko la Chipoka pamodzi ndi la Chilumba lidakhala mbali ya njira imeneyo. Apanso chimene chidakokera ndalama kunyanja chidali katundu.

Komabe m'nyengo yomweyi zina zabwino zidachitika. Ku Monkey Bay kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa ntchito za panyanja, Marine Training College, kuti makaputeni ndi mainjiniya azikhala Amalawi ophunzira ndi oyesedwa mayeso. Mu 1989 dziko lathu lidalowa m'bungwe la maiko loona za maulendo a panyanja, IMO, lomwe likulu lake lili ku London. Kungoti malamulo ambiri a bungweli adalembedwera sitima za panyanja zamchere zoyenda pakati pa maiko, choncho dziko ngati lathu liyenera kudzilembera lokha malamulo a nyanja yake.

Kusintha kwakukulu kudadza pakati pa zaka za m'ma 1990. Sitima zapamadzi zidalekanitsidwa ndi njanji nkukhala kampani payokha, Malawi Lake Services. Mu 1995 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Inland Waters Shipping Act. Lamuloli lidanena za kulembetsa zombo, kuziyeza ngati zili zoyenera kuyenda, kupereka malaisensi, ziphaso za oyendetsa, ndi kufufuza ngozi ikachitika. Ntchito yolitsata idaperekedwa ku nthambi yoona za maulendo a pamadzi mu unduna wa zamtengatenga. Apa ndiye tingati woyendetsa sitima ndi woyang'anira adaima padera momveka bwino. Werengani nokha: kuchoka pa Vipya mpaka 1995 ndi zaka 49, ndipo kuchoka pa Ilala yoyamba ndi zaka 120.

Pambuyo pake boma lidayesa kubwereketsa ntchito yoyendetsa sitima kwa makampani. Mu 2002 lidapereka kwa Glens Waterways, ndipo mu 2010 kwa Mota-Engil ya ku Portugal, imene idakhazikitsa Malawi Shipping Company. Koma pofika nthawi imeneyo msewu wa m'mbali mwa nyanja udali utalanda kale anthu ndi katundu wambiri. Kutsika kwa madzi m'zaka zina kudalepheretsanso sitima kukocheza ku Chipoka. Amene mudakulira kumeneko mukudziwa kusiyana kwa phokoso la kale ndi bata limene lidatsatira.

Boti laling'ono

Tsopano tibwerere ku funso la mwana uja. Mbiri yonse ndakambayi ndi ya sitima zikuluzikulu zokhala ndi maina. Koma anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja sayenda pa zimenezo. Amayenda pa bwato ndi pa boti lamatabwa. Sitima zazikulu zikachepa kapena zikaleka kuima pamalo, anthu saleka kuyenda. Maliro, chipatala, msika ndi chigayo sizidikira. Onse amathamangira ku boti laling'ono, ndipo ngozi za m'zaka zaposachedwa zachitikira kumeneko.

Mu Juni 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia adamira ku Karonga boti lawo litagubuduzika. Mu Epulo 2017, pa Isitala, boti lodzaza ndi akhristu ochokera kumapemphero lidagubuduzika cha ku Mlowe m'boma la Rumphi. Mu 2023 tidamva za bwato la anthu opita kumaliro pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, kenaka la ku Nsanje limene lidagundidwa ndi mvuu pa Shire. Kupatula nkhani ya mvuuyo, mawu amene amabwerezedwa pa ngozi zotere ndi omwe aja a nthawi ya Plimsoll ndi Vipya: kupakira mopyola muyezo, ndi kunyoza mphepo.

Sindikunena kuti lamulo kulibe. Likupezeka, ndipo aliponso apolisi a panyanja, komanso a zanyengo amachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera. Vuto ndi lakuti nyanja yathu njotalika makilomita oposa 500, ndipo madoko ang'onoang'ono ndi osawerengeka. Woyeza sitima akhoza kuyendera Ilala ku Monkey Bay nkuona chilichonse, koma sangakhale pa gombe lililonse mbandakucha pamene boti likupakira. Dongosolo limene tidalandira kwa atsamunda lidapangidwira sitima zochepa ndi madoko ochepa, ndipo mpaka lero likuvutika kufika pa mchenga pomwe anthu wamba amakwerera.

Nchifukwa chake ndimakonda kuuza ana za chilumba cha Mbenji, kuno kwathu konkuno, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima, yosiyana ndi ya kutsidya ija. Kuyambira m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi nyengo ya dzinja, cha m'Disembala mpaka Epulo, ndipo asodzi onse amachokako. Chikatsegulidwa pali malamulo okhwima, monga kuletsa mowa, chamba ndi juga, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Anthu ambiri amatama Mbenji chifukwa choteteza utaka, ndipo nzoona. Koma taganizani: kuchotsa anthu pachilumba m'miyezi ya mphezi ndi namondwe, ndi kuletsa munthu woledzera kulowa m'bwato, kodi si chitetezo cha panyanja chimenecho? Malamulowa amagwira ntchito chifukwa wowayang'anira amagona pomwepo ndipo amadziwa aliyense ndi dzina.

Lamulo la za usodzi la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga mbali posamala nsomba, ndipo makomiti a m'madoko, ma BVC aja, alipo m'magombe athu ambiri. Maganizo anga ndi akuti ngati komiti ikhoza kulanda ukonde wosaloledwa, ikhozanso kuwerenga anthu okwera boti, kulemba maina awo m'kope, ndi kujambula mzere ndi penti pambali pa boti lililonse lonyamula anthu. Chitini chimodzi cha penti sichifuna thandizo lochokera kunja. Boma lichite mbali yake yoyeza maboti, kuphunzitsa oyendetsa ndi kuonetsetsa kuti malaifi jaketi akupezeka pa mtengo woti mwini boti angakwanitse. Koma wowerenga anthu tsiku ndi tsiku ayenera kukhala wa pagombe pomwepo.

Kwa aphunzitsi anzanga

Silabasi yathu imatiuza kuti tiphunzitse za Ilala ya 1875, Mandala ndi Johnston. Za Vipya ana ambiri amamaliza Fomu 4 osamvapo, chonsecho ambiri mwa iwo adzakwera boti kangapo pa moyo wawo kuposa kulowa m'chipinda cha mayeso. Ndikupempha kuti tikafika pa mutu wa atsamunda tizipatula mphindi 20 kukamba za 30 Julaye 1946. A jogalafe mukamaphunzitsa za mphepo, tchulani mwera ndi mpoto ndi maina ake, ndipo funsani ana a asodzi kuti afotokozere anzawo zizindikiro zimene makolo awo amaona. A sayansi, phunziro la kuyandama kwa zinthu lili ndi chitsanzo chabwino pa gombe pomwepa: bwanji boti lopakira matumba pamwamba limagubuduzika msanga kusiyana ndi lopakira pansi?

Ndipo inu ana anga akale, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi maboti anu tsopano, ena ndinu oyendetsa, ena muli m'makomiti a m'madoko. Ndimanyadira ndikakupezani ku Senga Bay kapena ku Chipoka mukundipatsa moni. Ndikudziwanso kuti mafuta adakwera mtengo, ndipo munthu mmodzi wowonjezera ndi ndalama. Koma pa boti lanu kaputeni ndinu, woyeza ndinu, wa trafiki ndinu nomwe. Munthu wamkulu, kaya ndi mfumu, abusa kapena ine mphunzitsi wanu, akakukakamizani kunyamuka mwera uli pafupi, mukaneni mwaulemu. Adzakwiya tsiku limodzi basi.

Mnyamata wa Fomu 3 uja ndidamuyankha tsiku lotsatira. Ndidamuuza kuti pa pepala owerenga alipo, ndipo ndidamulembera pa bolodi dzina la lamulo la 1995. Kenaka ndidamufotokozera za agogo aja amene adatsitsa katundu wawo ku Senga Bay. Pa tsiku limene lija, pa gombe lonse, iwo okha ndiwo adagwira ntchito ya woyeza sitima, ndipo ife ophunzira tidawaseka. Mnyamatayo adati akafunsa bambo ake kuti boti lawo limayenera kunyamula anthu angati. Ndikudikira yankho Lolemba.